Sikina Sanapepese

Ngati munagulapo diski ya filimu yomasulira pa Lirangwe zaka zimenezo, mawu anga munawamva, kaya munawakonda kaya ayi. Ndine Modesta. Ndinkagwira ntchito kwa a Rodney pa Chileka, m'kachipinda kotentha kuseri kwa saluni. Iwo ankabwera ndi mafilimu atsopano kuchokera ku Limbe, a karate, zidole za ku Japan zamaso akuluakulu zija, ndi masizoni a ku Korea. Ine ndinkakhala pa maiki n'kumawayankhulitsa Chichewa anthu a m'filimumo. Lachisanu lililonse gawo latsopano linkatuluka, akabaza n'kumwaza madiski mpaka ku Madziabango.

Chikoreya sindichidziwa, ndisakunamizeni, ndipo timawu tachingerezi topita pansi tija timathamanga kuposa maso anga. Ife timayang'ana nkhope, timayang'ana manja, n'kuikapo mawu oyenera. Mayina timawapatsanso akwathu konkuno. Ndi mmene mayi wa m'sizoni ina anakhalira Sikina. Anakwatiwa ndi mwamuna wachuma wa dzanja lopepuka, ndipo pa gawo lachisanu ndi chitatu anathawira kwa mayi ake. Azimayi a pamsika ankandiimitsa panjira kundifunsa ngati abwerere, ngati kuti ndimagona naye nyumba imodzi.

Mwezi womwewo achemwali anga a Maness anabwera kwathu ku Lirangwe dzanja lili m'chikhakha. Alamu a Alufandika anawamenya ndi pampu ya njinga chifukwa chofunsa komwe anaswera. Aka kanali kachitatu. Maulendo awiri oyambawo ankhoswe anakhala pansi, alamu anagwada, amalume anati banja n'kupirira, achemwali n'kunyamula chikwama kubwerera. Tsopano ankhoswe anali atapangana kuti akumananso Loweruka.

Ndinayankhula mpaka kukhosi kuuma, kuwaletsa kuti asabwerere. Achemwali osandimvera. Ankangokhala pamkeka masana onse kuonera Sikina pa kawailesi kakanema ka mayi, gawo lililonse kawirikawiri. Tsiku lina anangoti, "Ndiona mmene athere mnzangayu. Akabwerera, ndiye kuti dziko ndi mmene lilili, nanga ine ndine ndani."

Zinandiwawa. Mawu anga pamaso ankawakana, koma mawu anga omwewo akatuluka m'kamwa mwa Sikina ankawamvera.

Lachitatu a Rodney anabwera ndi gawo lomaliza, tinayamba taonera kaye. Sikina uja anatsika galimoto ndi sutikesi, n'kuima pakhomo la mwamuna wake. Mwamunayo anagwada, misozi chuchuchu. Sikina anayankhula pang'ono, analowa, chitseko chinatsekeka, nyimbo, basi filimu yatha.

A Rodney anabweza n'kuimitsa kuti awerenge pansi paja. "Akuti ndakukhululukira, inenso ndinalakwa."

"Analakwa chiyani?"

"Kaya. Funsa a ku Korea. Iwe ika mawu, mawa tibane madiski."

Anatuluka kukagula magetsi. Ine ndinakhala pa maiki. Zonse ndinaziika bwinobwino mpaka pakhomo paja. Mwamuna atagwada, ndinamuyankhulitsa Sikina kuti, "Dzukapo apa, usandidetsere nsapato ndi misozi yakoyo. Ndabwera kudzatenga makina anga osokera." Chitseko chitatsekeka ndinawonjezera ndi mawu anga a wofotokoza, "Walowa kukalongedza. Amene akuti agona momwemo, adikire."

A Rodney atabwera anavala mahedifoni. Ndinaona nkhope ikusintha.

"Modesta, ichi n'chiyani?"

"Gawo lomaliza."

"Ili ndi bodza. Ana a sekondale amawerenga pansipa, atiseka. Dzina lili padiski ndi langa."

"Bodza mwaliona lero? Sabata yatha munthu wa ku Korea ndinamudyetsa chigumu ndi thobwa, munaseka mpaka kutsamwa. Nduna ya mfumu ndinaikweza kabaza, munati ndine shasha."

"Zija n'zoseketsa. Apa wasintha nkhani ya eni ake."

"Eni ake sadziwa n'komwe kuti kuli Chileka. Mawu oti inenso ndinalakwa satuluka m'kamwa mwanga, achimwene. Ngakhale mutandipachika."

Si munthu woipa a Rodney, koma sakonda kuyankhidwa ndi mkazi pa laputopu yawo. Anandiuza kuti ndisankhe, kubwereza kapena kuona msewu. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti andibanire diski imodzi ya mawu angawo. Anandibanira akupukusa mutu, n'kundiponyera patebulo. Gawo lopita kumsika analiika okha ndi mawu awo a bulu aja. Ine ndinakwera minibasi diski ili m'chitenje, ntchito ya zaka zinayi itathera pomwepo. Ndinkachita mantha, koma kubwerera ayi.

Lachisanu masana ndinaika diski ija m'makina kwathu. Mayi anali kudimba, tinalipo awiriwiri. Achemwali anaonera dzanja lachikhakha lili pamiyendo, osaphethira. Sikina atanena za makina osokera ndinawayang'ana cham'mbali. Sanaseke.

"Bweza," anatero.

Ndinabweza.

"Imitsa pamenepo."

Ndinaimitsa. Timawu tachingerezi tija tinali pansi pa nkhope ya Sikina, toyera mbee. Pothamangira kumuika mawu ndinaiwala kuti achemwali anafika Fomu 3 asanakwatiwe, ndipo Chingerezi ankandiposa kutali. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, kuwerenga liwu limodzilimodzi.

"Wanama, Modesta."

"Ndanama."

"Wabwerera uyu. Wapepesanso."

"Wapepesa wa ku Korea. Wanga sanapepese."

"A Rodney alola zimenezi?"

"A Rodney andichotsa ntchito."

Achemwali anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndinamva akumina. Ine ndinatsala ndi Sikina wanga ataima pakhomo, ndikudzitukwana. Ntchito yapita, bodza lagwidwa, ndipo ndawaonetsa ndekha kuti ngakhale ku Korea amabwerera.

Loweruka m'mawa ankhoswe anafika. Alamu anavala jekete ngakhale kunali dzuwa la Okutobala, atanyamula shuga ndi buledi. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndinaima pakhonde chifukwa mwana wamng'ono saloledwa pa nkhani za banja, koma makutu alibe chitseko. Alamu anagwada monga mwa masiku onse. Anati ndi satana. Anati sadzayambiranso. Amalume anatsokomola n'kuyamba nyimbo yawo ija, kuti palibe banja lopanda mavuto, kuti mkazi wanzeru amamanga nyumba yake.

"Ndiye Maness," anatero amalume, "tamva kupepesa kwa amuna ako. Nawenso penapake unalakwa, pepesa, tidye buledi tibalalike."

Ndinagwira mzati wa khonde. Achemwali anali atawerama, akusisita chikhakha chija ndi chala.

"Amalume, dzulo ndaonera mayi wina akupepesa atamenyedwa. Ndinamuonera ndi maso angawa, ndipo ndinamuchitira manyazi."

"Za mafilimu zisiye, apa tikukamba banja."

"Ndazisiya. Alufandika, dzukani, mudetsa buluku. Shuga wanu mutenge."

Alamu anayang'ana ankhoswe awo, ankhoswe anayang'ana amalume. Amalume anakweza mawu. "Mwana iwe, ukudziwa chimene ukunena? Ukatsala pano udya chiyani?"

Achemwali anakweza dzanja lamanzere, lopanda chikhakha lija, n'kulitambasula pamaso pa onse.

"Ndatsala ndi limodzi ili, amalume. Sindikalipereka."