M'mawa wa Kutsidya kwa Nyanja

Mu ofesi mwathu tonse timawaitana kuti Azakhali, ngakhale palibe m'bale wawo ndi mmodzi yemwe. Ntchito yawo ndi kulemba mayeso odziyendetsa okha oyesera pulogalamu yathu ya pa kompyuta: mayesowo amafunsa seva, kompyuta yaikulu yosunga zinthu zathu, seva n'kuyankha, kompyuta n'kufanizira yankholo ndi zomwe timayembekezera. Zikagwirizana, pa sikirini pamabiriwira. Zikasemphana, pamafiira.

Mayeso amodzi anakakamira kufiira. Vuto lake linali lachibwana, moti ngakhale ine, mlesi wa mu ofesi muno, ndinaliona. Azakhali ankafanizira nthawi ya wotchi yathu ndi nthawi imene seva yadinda pa oda ya wogula, chikhalirecho sevayo ili kutsidya kwa nyanja, kumene dzuwa limachedwa kutuluka. Ife tikamati masana, iyo imati m'mawa.

"Azakhali, nthawi ziwirizi zikhale pa muyezo umodzi," anatero Kapitawo, mkulu wa gulu lathu. "Zikafiiranso mawa pulogalamu situluka, ndipo ntchitoyi ndipatsa wina."

"Ndamva, bambo."

Koma sanakonze. Nditabwerako kokadya ndinawapeza atagwira tsaya, akuyang'ana nthawi ya seva pa mzere wofiira ngati munthu woonerera mvula pa windo. Fani inkazungulira mwaulesi, tiyi wawo atazizira kalekale.

"Panopa akudzuka," anatero osanditembenukira.

"Ndani?"

"Mwana wanga. Amakhala mzinda umodzi ndi sevayi. Tinasiyana titakangana, ndiye chichokereni sanaimbepo. Ndikaona nthawiyi ndimadziwa kuti akuwiritsa madzi, kapena akusaka sokosi inzake. Amataya sokosi ameneyo, ungati ali ndi mapazi a bongololo."

Ndinawamvera chisoni mpaka kuiwala chipongwe chomwe ndinabwera nacho. Ndinakhala pambali pawo, ndipo kwa kanthawi nanenso ndinauona m'mawa wakutaliwo: makatani osatsegula, nthunzi pa galasi, msewu wonyowa wopanda munthu.

Chakumadzulo Kapitawo anayamba kuzungulirazungulira kumbuyo kwathu, uku akutsokomola chifuwa chomwe analibe. Azakhali anausa moyo n'kusintha timizere tochepa chabe. Nthawi zonse ziwiri anazisandutsa za muyezo wa dziko lonse, n'kuzilola kusiyana pang'ono poti seva siyankha pompopompo. Pa sikirini panangoti biriwiri. Kapitawo anagwedeza mutu mokhutira n'kumapita.

Azakhali anayang'anitsitsa mzere wobiriwirawo, womwe tsopano sunkaonetsanso nthawi ina iliyonse. Kenako anandigwira pa mkono.

"Iwe, tandiuza," ananong'ona, "kumeneko pano ili nthawi yanji?"