Sadaka ya Matailosi

A Faruku anabwera kuchokera ku Joni ndi ndalama komanso mawu. Ndalamazo anagulira tinyumba titatu tondondozana kuseri kwa msika wa pa boma la Nkhotakota, kumene ine ndakhala pa lendi chikwatiwireni. Mawuwo ndiye ankatigawira ulere. Munthu uja sankatha kukupatsa moni osakuuza kuti nyumba ndi bizinesi, kuti anthu a kuno tikugonera chuma osadziwa, kuti ukangoika matailosi ndi kupaka penti lendi imakwera yokha. Nzeru zonsezi ankazitola pa foni, kwa anthu ena akunja amene sanapondepo mchenga wa kuno.

Anayamba ndi nyumba yakumapeto, imene inalibe munthu. Anagwetsa mpanda wa bango, anakulitsa mazenera, anayala matailosi oterera aja, ndipo mwezi usanathe munalowa namwino wolipira mosanyinyirika. Kuyambira pamenepo a Faruku akamadutsa ankayang'ana nyumba ziwiri zotsalazo ngati wogula mbuzi amene waima pakhola. Ine ndinkadziwa kuti tsiku langa likubwera. Koma nyumba yapakati ndi imene inali ndi bwalo lalikulu loti galimoto n'kuimapo, choncho maso awo anatera pamenepo.

M'nyumba yapakatiyo munkakhala a Kalilu, telala wa pakhonde la sitolo ina kumsika, ndi mkazi wawo Rahila. Mulungu sanawapatse mwana. Chaka chimenecho dzuwa litayamba kutentha, a Kalilu anadwala sabata imodzi yokha n'kutisiya, ndipo Rahila analowa eda.

Kwathu kuno mkazi, mwamuna wake akamwalira, amakhala eda miyezi inayi ndi masiku khumi, m'nyumba momwe ankakhala ndi mwamunayo. Satuluka kunja kwa mpanda, sadzola zonunkhira, saonekera kapena kuyankhula kwa mwamuna amene si m'bale wake. Ophunzira ena amati buku la chipembedzo chathu silinakhwimitse chotero, koma pakamwa pa anthu a kuno m'pokhwima kuposa buku. Mkazi wothawa eda dzina lake limaipa mpaka kumanda. Ena amati anali ndi chibwenzi kale, ena amati imfa ya mwamunayo akuidziwa.

"A Kalilu sindinawapatse mwana, Asiyatu," anandiuza Rahila tsiku lina tikusankha mpunga pansi pa mtengo wa mango wa m'bwalo mwake. "Chotsala choti ndiwapatse ndi ichi chokha. Ndidzamaliza, ndipo ndidzamalizira muno."

Ndipo zinali zotheka, chifukwa mpanda unalipo. Mkati mwa mpandawo ankaphika, ankachapa, ankapita kubafa ndi kuchimbudzi cha pakona popanda diso la munthu. Ife anzake tinkamutungira madzi ndi kumugulira ndiwo.

Tsoka lake, kunabwera bambo wina wa kubungwe amene ankafuna nyumba ya bwalo lalikulu chaka chisanathe. Apa a Faruku mutu unaima. Kuthamangitsa mayi wamasiye ali pa eda, ngakhale iwo ankadziwa kuti palibe amene akanawapatsanso dzanja pamzikiti. Kudikira, ndalama ipita kwa landilodi wina. Ndiye anakhala pansi n'kuganiza, ndipo ndivomereze kuti foni ija sinawaphunzitse izi, zinali nzeru zawozawo.

Lachisanu lina mwamuna wanga, a Jamali, anabwera kuchokera ku swala, mapemphero a kumzikiti, nkhope ikuwala.

"Mashallah, anthu abwino akadalipo," anatero akuvula chipewa. "A Faruku alengeza panja pa mzikiti kuti akonza nyumba ya malemu Kalilu ngati sadaka. Matailosi, siling'i, chimbudzi cham'kati, zonse. Ndipo lendi sakweza mpaka eda itatha. Akuti mayi wamasiye asamakhale m'nyumba yodontha."

"Nyumba ija yadontha liti?" ndinafunsa. "Ndipo amisiriwo ndi azimayi?"

"Iwe pakamwa pako! Munthu akachita zoipa umayankhula, akachita zabwino ukuyankhulanso."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, bambo," ndinatero, n'kupitiriza kupala nsomba zanga.

Lolemba m'mawa kunafika a Raston, mmisiri wa ku Dwangwa, ndi anzawo anayi, onse amuna a ndevu zawo. Chinthu choyamba kugwira unali mpanda. Ndinangomva bango likuthyoka, kenako chitseko chikumenyeka, Rahila akuthawira m'nyumba, poto atamusiya pamoto. Ndinatuluka chitenje chili m'manja. A Faruku anali ataima pamsewu, foni m'mwamba, akujambula.

"A Faruku, mwaiwala kuti muno muli munthu wa pa eda?"

"Ndingaiwale bwanji, achemwali? Ndi iyeyo amene ndikumuchitira zonsezi."

"Ndiye siyani mpandawo. Konzani eda ikatha."

"Mchenga ndi simenti zilowera pati? Komanso bango ndi zakale izi, limasunga njoka. Apa padzakhala mpanda wa njerwa, mudzauona."

"Liti?"

"Mpanda umabwera pomaliza," anatero, maso ali pa foni. "Ndi mmene amamangira anthu odziwa."

Madzulo ake tinasonkhana azimayi a pamzerepo, tinamanga chingwe kuchokera pamtengo wa mango kukafika pachimbudzi, n'kupachikapo zitenje zathu kuti Rahila azidutsa kuseri. Zinakhala masiku awiri. Lachitatu a Faruku analamula kuti zichotsedwe, akuti zikuipitsa zithunzi zimene amatumiza kwa anthu ofuna kuona mmene ntchito ikuyendera. Anthu ake ati, sananene. Ine ndinkadziwa kuti ndi bambo wa kubungwe uja.

Choncho Rahila ankatuluka m'mamawa amisiri asanafike, kenako n'kudikira mpaka ataweruka. Anasiya kumwa madzi masana kuti asafune kupita kuseri. Amene anakhalapo ku Nkhotakota mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kusamwa madzi masana n'kutani. Milomo yake inang'ambika, koma sanadandaule. Ankangokhala pamkeka, tasibihi, mikanda yopempherera ija, ili m'manja.

Kenako anagwetsa chimbudzi cha panja, chifukwa cham'kati chinali chitayambidwa. Kuyambidwa, osati kutha. Chinakhala chopanda chitseko, chopanda madzi, chikudikira mapaipi amene ankati achokera ku Lilongwe. Mayi wamkulu ngati Rahila anayamba kudzithandiza mu ndowa, ndipo ndowayo ndinkakataya ndine. Ndikunena poyera chifukwa amene anayenera kuchita manyazi si ife.

Mazenera anatsatira. Anazula mafelemu akale n'kuboola makoma kuti magalasi aakulu adzalowe, ndipo magalasiwo nawo ankadikira tsiku lawo. Pabalaza panasanduka poyera, aliyense wodutsa pamsewu ankaona mpaka kukhoma lakumbuyo. Rahila anasamukira kuchipinda. Itafika nthawi yoyala matailosi kuchipinda, anasamukira m'kachipinda kosungiramo makala, kopanda zenera, koti munthu akagona mapazi amagunda chitseko. Mashini osokera a a Kalilu analowa nawo momwemo.

A Raston si munthu woipa. Ankakhosomola kaye asanadutse pakhomo pa kachipindako, ndipo anawaletsa anzawo kuimba nyimbo. Koma nditawapempha kuti ayambe kaye mpanda, anangotambasula manja.

"Mayi, ife tangolembedwa ntchito. Bwana akati gwetsani, timagwetsa."

Ndinawakakamiza a Jamali kuti akauze akuluakulu a pamzikiti. Anapita mokoka miyendo, ndipo akuluakuluwo anabweradi, atatu, ndi mikanjo yawo yoyera. Ndinati mumtima, lero zitha. Anafika, anaima pabalaza, anagogoda matailosi ndi ndodo, anayang'ana m'mwamba momwe mudzakhale siling'i. A Faruku ankawayendetsa ngati alendo a boma, kuwaonetsa pamene padzakhale sinki, pamene padzakhale magetsi. Kachipinda ka makala anakadutsa mwaulemu, nkhope atatembenuzira kumbali, pajatu munali munthu wa pa eda.

Potuluka, wamkulu wa onsewo anandiyankhula ali chiyang'anire pansi.

"Mwana wanga, masiku ano landilodi wokonzera nyumba mayi wamasiye mungamupeze kuti? Muuzeni mnzanuyo apirire. Eda ndi kupirira."

Atatero anakweza manja pomwepo pakhonde n'kuwapempherera a Faruku kuti Mulungu awaonjezere pamene achotsa. Onse anavomera kuti amina. Ine mtima unandiwawa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mayiyo akusamba kuti.

Rahila anapirirabe. Anaonda, khungu linatuwa ndi fumbi la simenti, chifuwa chinamugwira. Ndinamuuza kuti asamukire kwanga, khomo lotsatira lomweli, tidzamufunditsa nsalu palibe adzaone. Anakana. Anati kwanga kuli a Jamali, ndipo eda yake ndi ya m'nyumba ya a Kalilu, osati ya m'nyumba ya eni. Kunali kutatsala masabata ochepa, ndipo tinali titayamba kale kukambirana za nsalu yatsopano imene adzavale tsiku lotuluka.

A Faruku nawo ankaona kuti nthawi ikutha. Bambo wa kubungwe uja anali atabwera kawiri kudzaona nyumba, ndipo ulendo wachiwiri anachoka akupukusa mutu. M'mawa wotsatira amisiri anabwera ndi makwerero. Akuti malata akale ndi adzimbiri, sangaike siling'i yatsopano pansi pa malata otero, ndipo mvula ili pafupi.

Ndinali pakhomo panga ndikuchapa pamene ndinamva misomali ikulira padenga. Anayambira mbali ya kumbuyo, kumene kunali kachipinda ka makala. Lata loyamba linatsika, lachiwiri linatsika. Kenako ndinamva mawu a Rahila, osakuwa, kungoitana.

"Asiyatu."

Ndinathamanga. Nditatsegula chitseko ndinapeza kachipinda kaja kali mbee, dzuwa likuwomba pamkeka. Rahila anali atakhala pakona, atadzifunditsa chitenje mpaka kumapazi. Pamwamba pa khoma panali amuna awiri atakhala pamitanda, miyendo ili lendelende, akuyesetsa kuyang'ana kumwamba. Mmodzi anapepesa. Anapepesa kwa ine, chifukwa kwa iye sakanatha kuyankhula.

"Andiona," anatero Rahila pansi pa chitenjecho. "Ndinali nditavula mpango, ndikupesa."

"Sunachite dala. Mulungu waona."

"Mawa azula otsalawo. Ndikabisala pati, m'thumba la makala? Ndimangire katundu. Ndikupita kwa achimwene ku Chia."

Ndinalira ndine, iye ayi. Ndinamanga zovala zake m'chitenje, ndinamulonjeza kuti mashini ndimusungira. Anavala buibui lake lakuda lofunda thupi lonse, anaphimba nkhope, ndipo tinatuluka kudutsa pabalaza. Matailosi anali okongoladi, oyera ngati mbale, ndipo Rahila anatsala pang'ono kuterereka.

A Faruku anali pamsewu, mu mkanjo wosita bwino. Atangoona kuti amene akutulukayo ndi Rahila, anatembenuka msangamsanga n'kuphimba maso ndi dzanja, munthu woopa Mulungu uja. Anayankhula kwa ine, mokweza, kuti azimayi ogulitsa usipa patsidya pa msewu amve.

"Achemwali, n'chiyani ichi? Eda sinathe! Muuzeni abwerere m'nyumba. Ine sindinathamangitse munthu, nonse ndinu mboni. Ndawononga chuma changa kumukonzera pokhala, lero akutuluka yekha?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatukwane, koma Rahila anandigwira mkono. Anapita yekha kukaima patsogolo pawo. Kenako anakweza nsalu ya kumaso, nkhope yake yotuwa ija n'kukhala poyera, pamsewu, dzuwa lili pamutu.

"Ndiyang'aneni, a Faruku," anatero. "Mwagula simenti yambiri kuti mundione panja. Ndatuluka. Ndiyang'aneni."

Sanamuyang'ane. Anangobwerera m'mbuyo, dzanja lili kumaso, akunong'ona mawu opempha chikhululuko kwa Mulungu, ngati kuti wolakwiridwa ndi iwo. Rahila anadikira pang'ono, kenako anasenza katundu wake n'kuyamba kuyenda kulowera kumene kumaima maminibasi, ine ndili pambuyo.

Tikudutsa pa azimayi a usipa aja, amene ena mwa iwo anapereka zitenje zawo tsiku lija, onse anaweramira pa usipa wawo. Titangowapitirira, mmodzi anayankhula, ndipo sanavutike n'kutsitsa mawu.

"Mwaona? Eda isanathe, wayamba kale kuyankhula ndi amuna pamsewu."

Rahila anamva. Sanacheuke, anangokonza katundu pamutu n'kupitiriza kuyenda.