Madzi M'nkhokwe ya Malume Taqulik

Tinali ophunzira anayi, tonse ana a mudzi umodzi wa kumpoto kozizira kwa dziko lapansi, kumene nthaka ya pansi imakhala youndana ngati mwala chaka chonse, ndipo ntchito imene Pulofesa Haugen anatipatsa chilimwe chimenecho inali yobaya pansi. Umakankhira chitsulo chachitali m'dambo mpaka chigunde nthaka youndana, kenako n'kulemba masentimita. Kubaya, kulemba, kuomba udzudzu, tsiku latha.

Mu Ogasiti, ine ndi mnzanga Lottie tinafika kuseri kwa nkhokwe ya malume anga, a Taqulik. Nkhokweyo ndi dzenje lakuya lokumbidwa m'nthaka youndana, ndipo munali nyama ya namgumi amene malume ndi anthu awo anapha mu Meyi, yoti mudzi wonse udzadye pa Khirisimasi.

Nditabaya, chitsulo chinalowa chonse mpaka pogwirira, osagunda kanthu.

"Iwe Ayagiaq, wabaya una wa nkhandwe," anatero Lottie uku akuseka. Ndinabaya pena, ndi penanso, chimodzimodzi. Kuseka kunamuthera.

Pulofesa anati zaka khumi ndi zisanu zapitazo chitsulo chinkaima pa theka pamalo omwewo. Anafuna kukawauza okha malume, koma ndinawaletsa, chifukwa chaka chatha malume anawapirikitsa ndi nkhafi.

Malume ndinawapeza akusoka ukonde pakhomo.

"Amayi anga afika!" anafuula. Dzina langa ndi la malemu mayi awo, ndiye chibadwireni amandiitana choncho. "Bwanji Amayi, mbewa mwabaya zingati lero ndi kamkondo ka azungu anuko?"

"Malume, nthaka ya pa nkhokwe yasungunuka. Ndiloleni ndilowemo ndione."

"A sukulu salowamo. Mukayeza, mukalemba kuti nyama yathu ndi yowola, mawa aboma ali pano ndi mapepala. Ine ndinalowamo mu Juni, munali gwa."

"Juni ndi kale, Malume."

"Pitani mukamwe tiyi, Amayi."

Mtima unandipsa. Munthu azinditcha mayi ake zaka makumi awiri, koma ndikanena zenizeni andiyese kamwana kosewera ndi chitsulo? Dzinalo ndinali ndisanaligwiritsepo ntchito. Ndinazika chitsulo pansi pamaso pawo.

"Taqulik, iwe. Siya ukondewo ukatsegule chitseko. Mayi ako sakupempha."

Malume anandiyang'ana, kenako anadzuka n'kutenga kiyi.

Ndinatsika pa makwerero ndi tochi. Fungo linandilonjera ndisanafike pansi, ndipo jombo zanga zinati phwa m'madzi ofika m'akakolo. Nyama ya pamwamba inali yolimba bwino, koma ya pansi chala chinkangolowa. Ndinaika kachipangizo koyezera kuzizira pakhoma, ndinalemba nambala, ndipo ndinakwera ndi nthuli imodzi. Malume anainunkhiza, n'kukhala pansi pa udzu wonyowa.

Tsiku limenelo palibe anabaya dambo. Lottie anathamanga khomo ndi khomo kufunsa malo m'mafiriji, ndipo ife tonse, Pulofesa yemwe, tinakoka nyama ndi chingwe mpaka mapewa kuuma. Magawo awiri mwa atatu anapulumuka.

Yowonongekayo malume anakana kuti wina aigwire. Anaikweza okha pangolo, ine ndikutsatira mpaka kugombe. Kwathu kuno timati namgumi amadzipereka kwa mlenje amene wamukonzera malo oyera. Anaiponya m'nyanja nthuli imodziimodzi, ndipo ndinawamva akulankhula ndi namgumiyo chapansipansi.

"Pepa. Unandikhulupirira."

Ndinalira, sindibisa. Atamaliza anapukuta manja pa thalauza.

"Chaka chamawa bwato langa silitsika, pokhapokha nditapeza pomugoneka namgumi wina," anatero. "Kodi mwayeza malo angati kufupi ndi mudzi kuno?"

"Makumi anayi, Malume."

"Abwino kukumbapo ndi angati?"

"Sindinapezebe."

Anagwedeza mutu, maso ali kunyanja. "Anamgumi amadutsa mu Epulo," anatero.

Ndinawerenga miyezi pa zala. Inali isanu ndi itatu, ndipo chakumtunda kwa mudzi kunali kusanabayidwe.