Miyendo ya Tadala

"Mwanayo asatuluke," ndinamuuza Debora m'mawa wa tsiku lometa. "Ngati n'kumeta, a Roza alowe adzamumetere m'nyumba momwemo."

Debora anali atagwada pakhomo akumanga duku, maso ali otupa. Ndinayesa wamva, chifukwa zaka zinayi zimene wakhala pakhomo pano ngati mtengwa sanandibwezerepo mawu. Mwamuna wake Festus, mwana wanga, tinali titamuika dzana lake.

Festus anabadwa ndi khungu lachialubino. Kuyambira ali wakhanda ndinkalimbana ndi dzuwa ngati mmene ena amalimbirana ndi fisi pakhola. Ndinkamuuza kuti chipewa chisachoke kumutu, malaya akhale a manja aatali, dzuwa likafika pamutu akhale pamthunzi. Bambo ake atamwalira, iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu, analowa m'munda wa fodya kuno ku Chisepo, ndipo ndikanena za chipewa ankangoseka, amvekere chikumutchinga kumaso popalira. Kachilonda kanayamba kuseri kwa khutu lamanzere, kakang'ono ngati njere ya mapira. Zaka zinapita kosapola. Pamene anasiya khasu n'kuyamba utelala pakhonde, n'kuti katazika kale mizu. Madokotala a ku Lilongwe anati ndi khansa ya pakhungu. Anatisiya Lachiwiri masana, mwezi wa Okutobala.

N'chifukwa chake mdzukulu wanga Tadala ndinamusunga m'nyumba. Anabadwa wakuda ngati mayi ake, koma magazi ndi a bambo ake, ndipo ndani angandiuze zimene zili pansi pa khungu? Kulinso anthu oipa amene amasaka anthu onga Festus, ndipo ndinamva kuti ena sasiya ngakhale ana awo. Debora ankalawirira kumunda kukagwira ntchito ya anthu awiri, mwana n'kutsala ndi ine. Mawindo ndinawatchinga ndi makatoni. Kusikelo ndinkamufunditsa bulangete mpaka kumutu, ndipo katemera atatha sindinaonenso chopitira. Zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri mwanayo ali mumthunzi, ine ndikunyadira. Tsopano Festus atapita, ndinali nditakonza mawu oti ndipemphe akuchikazi andisiyire Tadala, pakuti ndiye yekha amene wanditsalira.

Abale anakhala pansi pa mango. A Roza, amene ankatsogolera amayi otithandiza pamaliro, anali atagwira sizasi akudula katsitsi pang'ono pamutu pa aliyense. Ine ndili m'manja mwawo, mutu utawerama, ndinamva anthu akhala chete. Nditakweza maso ndinaona Debora akutsika pakhonde, mwana ali m'manja, wopanda bulangete, wopanda kanthu kumutu, atangovala kadiresi kofika m'maondo. Anadutsa mthunzi wonse n'kukamukhazika pamphasa imene inali poyera.

"Kodi m'nyumba muja munalinso munthu?" anatero a Roza akundiyang'ana ine. "Ife tinkayesa a Margareta amaweta mbira kuchipinda."

Anthu anaseka pang'ono, monga amachitira anthu otopa ndi kulira. Tadala anatsinzina, n'kugwira chitenje cha mayi ake kuti aimirire. Kuseka kunathera pomwepo.

Ndamusambitsa mwana ameneyu tsiku ndi tsiku. Miyendo yake ndimaidziwa. Koma ndinkaionera mumdima, m'beseni, n'kumadziuza kuti ana onse amayamba choncho, akadzayenda idzawongoka. Tsiku limenelo ndinaiona poyera, anthu makumi anayi akuiona limodzi ndi ine. Inali yopindikira kunja ngati mauta awiri, pakati pake mphaka akanadutsa osakhudza. Mwana ananjenjemera, n'kukhalanso pansi.

"Mayo ine," anatero a Roza chapansipansi, sizasi itagwera m'fumbi.

Amene anayamba kusuntha anali a Aroni, mlongo wake wamkulu wa Debora, amene amagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo ku Kasakula. Anabwera ndi akuchikazi kudzamva za kumasula mlongo wawo. Mwanayo anamuonapo kawiri kokha, ali pamiyendo panga, wokutidwa. Anagwada pamphasa, anagwira polumikizira dzanja ndi mkono pamene panali potupa, anakweza kadiresi n'kuyendetsa zala m'nthiti.

"Amayi, tabwerani mugwire apa."

Ndinagwira. Panali timibulu tandandanda pansi pa khungu, ngati mikanda ya korona.

"Mwanayu amatuluka panja kangati pa sabata?"

"Satuluka," ndinayankha. "Ine ndili moyo dzuwa silimugwira."

A Aroni anadzutsa mutu. "Chibadwire?"

"Chibadwire. Mwaona chimene lachita kwa bambo ake."

Anapukuta kumaso ndi dzanja. Polankhula anatsitsa mawu, koma pabwalo panali zii moti aliyense anamva.

"Mafupa a mwana amalimba ndi chakudya, usipa, mazira, mkaka. Koma kuti mphamvu ya chakudyacho ikafike m'mafupa pamafunika vitamini D, ndipo ameneyo khungu limapanga lokha likawombedwa ndi dzuwa. Popanda ameneyo mafupa amakhala ofewa ngati phesi laliwisi. Mwana akaimirira, amapindika ndi thupi lake lomwe."

"Dzuwa lomwe landidyera mwana?"

"Lomwelo, amayi. Alamu anga analibe chotchinga pakhungu. Uyu ali nacho, ndipo khungu lakuda chonchi limafuna dzuwa lochulukirapo kuposa loyera. Si lamasana lowotcha ayi, kanthawi chabe m'mawa."

"Zakusukulu zimenezo," ndinatero. "Festus nayenso ankandiuza kuti kanthawi chabe."

"Mwanayu ndikumutenga lero. Apite kuchipatala, ndipo akatuluka akakhala kwathu ndi mayi ake."

"Maliro sanazizire, mwayamba kale kundilanda? Mukufuna mundiphere wachiwiri?"

Akuluakulu a mbali yathu anayang'ana pansi. Ndinadikira kuti mmodzi andithandize, anene kuti zomasulana zili ndi tsiku lake, koma onse maso anali pa miyendo ija. A Aroni anatembenukira mlongo wawo.

"Nanga iwe Debora, unali kuti? Sukulu unapitako. Mwana wako akupindika iwe uli m'nyumba momwemo?"

Debora anadzuka. Anapita pakhonde pamene panali makina osokera a Festus, anatsegula kadilowa kosungira ulusi, n'kutulutsa kabuku ka kuchipatala. Ine kabuku ka Tadala ndimasunga m'sutikesi yanga. Aka kanali kena, katsopano. A Aroni anatsegula, milomo ikuyenda.

"Chipatala cha Mtengowanthenga, mwezi wa Meyi," anatero. "Anamuona kale mwanayu. Analemba mankhwala odonthezera mkamwa, ndiponso kuti aziwothera dzuwa m'mawa uliwonse. Anapita naye ndani?"

"Bambo ake," anayankha Debora. "Sabata ija amayi anapita kumaliro a achemwali awo ku Ntchisi. Bambo akewo ankapita kukatsukitsa bala, anamubereka yekha kumbuyo."

Ndinakhala pansi pafumbi. Debora anagwada patsogolo panga monga amachitira pondipatsa madzi, koma ulendo uno anandiyang'ana m'maso.

"Amayi, mukangotsikira kudimba ndi ndowa, mwana wanu ankatseka makina n'kumutengera Tadala kuseri kwa chigafa cha fodya. Tsiku lililonse kuyambira Meyi mpaka sabata imene anagona osadzukanso. Mankhwala ankamudonthezera komweko. Miyendo mukuionayi yayamba kale kulimba. Mu Meyi sankaima n'komwe."

"Festus? Padzuwa? Ndi bala lija?"

"Mwana ankaopa kuwala. Akamusiya yekha pamphasa ankalira, ndiye mukanamva muli kudimba. Ankakhala naye pomwepo."

"Adokotala sanawauze alamu kuti iwo asamakhale padzuwa?" anafunsa a Aroni.

"Anawauza. Ndinati ndizibwerako kumunda ndidzamukhazike ndine, anakana. Amvekere amayi akakupeza iwe adzati mtengwa akufuna kupha mwana, adzakuthamangitsa. Akandipeza ine adzangondikalipira monga mwa masiku onse, ndinazolowera."

A Roza anaseka kamodzi, kenako anadzitseka pakamwa ndi chitenje n'kuyamba kulira.

"Bwanji osangondiuza?" ndinafunsa. "Ndine chilombo ine?"

"Anayesapo kawiri. Mukukumbuka tsiku lija anati mwana akhale pakhonde, inu munakhoma chitseko n'kugona ndi kiyi masiku atatu osadya? Atabwera kuchipatala ndinati tiwaonetse amayi kabukuka, a katekisiti awawerengere. Anati ayi. Anati mwaopa dzuwa zaka makumi atatu ndi zinayi chifukwa cha iye, ndiye mukamva kuti mdima wanu ndi umene wapinda mwana, simudzadzukanso. Ankafuna miyendo iwongoke kaye, mudzangoona akuyenda."

A Aroni anatseka kabuku. "Bala lija linali lakale, amayi. Si zowothera dzuwa m'mawazi zimene zawapha, musadziikire zimenezo pamtima. Koma sizinawathandizenso."

Ndinadzuka n'kulunjika kuchigafa. Kuseri kwake sindinkapitako, ndinkaopa njoka za m'milu ya mapesi, ndipo aliyense pakhomo pano ndinamuchenjeza za malo amenewo. Kumbuyo kwanga ndinamva mapazi a Debora ndi a Aroni.

Mapesi anali atachotsedwa. Panali posesedwa bwino, pouma gwa. Panali mphanda ziwiri zokhomedwa pansi, zofika m'bondo, ndipo pamwamba pake panagona nsungwi yotalika mapazi asanu, yosalala ndi kugwiridwa. Mbali imodzi ya nsungwiyo kunali kanjira kakang'ono ka timapazi. Mbali inayo kunali mizere iwiri yokumbika m'dothi, mmene munthu wamkulu ankakwawira ndi maondo, kupita ndi kubwerera. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mtengo, kapena tsindwi lotulukira kunja, chilichonse chopereka mthunzi. Panalibe. Anasankha malo amenewo chifukwa ndi okhawo osaoneka munthu akamachokera kudimba.

Ndinaponda m'mizere ija. Dzuwa linandiwomba pamutu pamene a Roza anadula tsitsi, ndipo nthawi inali isanakwane n'komwe yoti ndibwereko kothirira.

Mawu amene ndinakonza ouza akuchikazi ndinali nawobe pakamwa. Ndinayang'ana Tadala ali m'manja mwa mayi ake. Sankatsinzinanso. Ankadzikoka kuti atsike, manja atatambasulira kunsungwi.

"A Aroni," ndinatero, "galimoto ya ku Mponela imadutsa nthawi yanji?"

"Ikakhalapo, cha m'ma leveni."

"Mutengeni. Kabuku kenako kali m'sutikesi, pansi pa nsalu ya kutchalitchi. Bulangete musatenge." Ndinafuna kuwonjeza kuti asamale mphepo ya pagalimoto, asamale fumbi, asamale anthu achilendo pasiteji. Ndinatseka pakamwa.

Debora anamutsitsa mwana. Tadala anagwira nsungwi ndi dzanja limodzi, linalo n'kumakoka kadiresi kake m'khosi, akung'ung'udza.

"Akufuna avule," anatero Debora. "Ankamuvula kuti dzuwa lifike kumsana."

Anamuvula. A Aroni anagwada mbali inayo ya nsungwi, m'mizere momwe muja, n'kutambasula manja kuti amugwire akagwa. Koma mwanayo sanayambe kuyenda. Anatenga kadiresi m'manja mwa mayi ake, anakapinda mmene akanathera ndi timanja take totupa, n'kufikira pakhosi pa amalume ake. Anakaika kuseri kwa khutu lamanzere, anakasisita kawiri kuti kasagwe.

"Ababa, pepa," anatero.

Kenako anagwira nsungwi ndi manja onse awiri, n'kuponya phazi.