Majombo a Reginald

Dzina langa ndine Dora. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndipo kuno ku Kaporo aliyense amadziwa kuti pakamwa panga sipapuma. Ndikanena kuti kunja kwacha, anthu amayamba asuzumira pawindo kuti aone ngati n'zoona. Kale sindinkadandaula nazo. Chaka chino ndiye zandiwawa.

Mlongo wanga Reginald ndi wamng'ono kwa ine, ndinamulera ndine, koma chipumire uphunzitsi amayenda ngati anabadwa atavala tayi. Ali ndi majombo ake akuda olowera m'munda wa mpunga. Akangokolola amawaponya pakona ya khonde, kuseri kwa matumba a madeya, ndipo amakhala pomwepo mpaka mvula ina.

Pakhomopo palinso Ipyana, mkazi wa mwana wake Golden. Goldenyo amathamanga ndi mapepala a katundu kuboda ya Songwe, kunyumba amaonekera Loweruka lokha. Tsono kwathu kuno mkamwana sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Salankhula nawo, satchula dzina lawo, sakhudza chovala chawo. Akakumana panjira amapatukira m'nthochi. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi, koma Reginald amati mwambo si malaya oti n'kuvula kukatentha. Zaka zitatu mwanayu ali pakhomo, mawu ake Reginald sanawamvepo. Chimwalirire mlamu wanga, wonyamula mauthenga pakati pawo ndine.

Lolemba lina m'mawa Ipyana akusesa pakhonde anandikodola.

"Azakhali, tabwerani muone. Koma musagwire."

Ndinasuzumira m'jombo lakumanja. M'katimo munali ulusi wosokonekera, timazira titatu tozungulira, ndi mwini wake: kangaude wakuda bii, wonyezimira, mimba ngati nandolo, kunsi kwake kadontho kofiira.

"Wotereyu analuma achemwali anga a Emma ku Sangilo," anatero Ipyana monong'ona. "Anagona m'chipatala masiku atatu, akulira ngati akubereka. Ine majombowa sindingawakhudze. Kawauzeni akuluakulu."

Ndinaona kuti kuuza n'kuchedwa. Ndinatola kamtengo kuti ndithane naye ndekha. Ndikungowerama chonchi, ndinamva kukhosomola kumbuyo kwanga.

"Dora! Wayambanso?"

Apa ndiulule tchimo langa. Chaka chatha ndinaika chule m'jombo lomwelo. Reginald ataponda, anakuwa mokweza ngati mbuzi yogwidwa ndi fisi, pamaso pa akulu a mpingo awiri amene anabwera kudzamutenga kukaona munda wa tchalitchi. Mpaka lero ana akamuona amalira ngati achule.

"Bambo a Golden, lero sindikuseka. Muli kangaude, woluma uja."

"Chaka chatha chule, chaka chino kangaude. Chaka chamawa mudzakhala ng'ona."

"Tangosuzumira wekha!"

"Ndisuzumire kuti undithire chiyani kumaso?"

Anawanyamula majombo aja, kukawaika kuchipinda kwake, n'kukhoma loko. Kangaude amene ankagona pakhonde ngati mlendo tsopano anapatsidwa chipinda cha mwini nyumba.

Lachiwiri ndinamuuza akumwa tiyi. Anati ndimupatsire shuga. Lachitatu ndinalumbira, kutchula mayi athu amene ali kumanda. Anati ndisavutitse akufa ndi zibwana. Ndinati mawuwa si anga, ndi a mkamwana wako. Anati, "Mwana waulemu uja usamulowetse m'zamisala zako." Ndinaimbira Golden foni. Naye anangoseka: "Azakhali, mwayambapo! Asiyeni adadi apume." Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikunama anthu n'kumakhulupirira. Tsiku limodzi lokha ndanena zoona, palibe wondimvera.

Lachinayi kunacha mvula itagwa yokwanira kuwokera mpunga. Reginald anatuluka ndi majombo m'manja, n'kukhala pampando wake wapakhonde.

"Gogoda kaye pansi," ndinamuchonderera. "Kamodzi kokha. Ukapeza mulibe kanthu, ndidzasiya kulankhula mwezi wathunthu."

"Zimenezo ngakhale abusa sangazikhulupirire."

Anavala lakumanzere akundiyang'ana m'maso. Anavala lakumanja akundiyang'anabe. Ndinaona nsidze yake ikudumpha.

"Chiyani?"

"Kaminga."

Ananyamula khasu n'kumapita, msana uli chilili.

Dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe anabwerera akukoka mwendo. Thukuta linali kamukamu, malaya onse atanyowa ngati wagwera mumtsinje. Anadzigwetsa pampando atagwira pamimba. Nditakhudzapo, panali gwa ngati thabwa.

"Vula jombolo tione."

"Ndi malungo. Ndipatse mapilitsi ali pawindo."

"Malungo oyambira kuphazi? Tiye kuchipatala, iwe!"

"Sindipita."

Ndinamudziwa mlongo wanga. Kuvula jombo lija kunali kuvomera kuti Dora ananena zoona, ndipo iye anali wokonzeka kulowa nalo m'bokosi. Ndinakalipa, ndinatukwana m'Chinkhonde, ndinagwada, ndinayesa kulikoka ndekha jombolo, anandikankha ndi mwendo winawo. Milomo yake inayamba kunjenjemera, mpweya ukutuluka moduladula. Ndinamva misozi ikubwera, ine amene sindinalire ngakhale tsiku limene mwamuna wanga anathawira ku Mbeya ndi wailesi yanga.

Kenaka kuseri kwa khitchini kunamveka mawu. Ipyana anali ataima chofulatira, nsalu itaphimba kumutu, akulankhula ndi nkhuku yathu yathadzi yamawangamawanga imene inkapalasa pamenepo.

"Iwe nkhuku," anatero mokweza, "pita ukawauze eni ako kuti kangaudeyo ndinamuona ine ndi maso angawa. Ukawauze kuti wanjinga yamoto ndamuitana kale, ali m'njira. Ukawauze kuti mkamwana wawo akupempha, avule jombo akwere. Ndipo fulumira, chifukwa pakhomo pano pakagwa maliro, woyamba kuphedwa ndiwe."

Reginald anatukula mutu.

"Walankhulayo ndani?"

"Nkhuku," ndinayankha. "Ine ndiye wabodza, mvera nkhukuyo."

Reginald anatambasula mwendo. Nditakoka jombo, kangaude uja anagwa pasimenti ataphwanyika, kadontho kake kofiira kakuonekabe. Pamwamba pa chala chachikulu panali potupa pang'ono chabe, poti munthu sungakhulupirire kuti mpomwe pagwetsa mphunzitsi wamkulu. Ndinatola kachilomboko ndi tsamba, kukaika m'bokosi la machesi kuti akakaone achipatala.

Tinakwera atatu panjinga imodzi, Reginald pakati, ine kumbuyo nditamukumbatira ngati mmene ndinkachitira ali khanda. Njira yonse ankabuula, ine njira yonse ndinkamukumbutsa za Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu.

Kuchipatala anamubaya jakisoni, kumuika diripi, n'kumugoneka masiku awiri. Namwino wina dzina lake Carol atatsegula bokosi la machesi lija anagwedeza mutu. Anati tachita bwino kubwera msanga osayamba kutema mphini pabalapo, chifukwa kwa munthu wachikulire ululu wa kangaude ameneyu suseweretsa. Kenaka anafunsa kuti anazindikira ndani.

Ndinakonza mpango wanga, kudikira dzina langa.

"Mkamwana wanga," anatero Reginald, maso ali kudenga. "Mwana wanzeru kwambiri. Akanakhala kuti anandiuza msanga."

Ndinatsala pang'ono kumutsomphola diripi ija.

Titabwerera kunyumba tinatulutsa zonse za pakhonde ndi za kuchipinda kwake. Kuseri kwa matumba a madeya tinapezako ena awiri, pansi pa mpando wake womwe uja panalinso timazira. Tinatentha zonsezo. Majombo tsopano amakhala pa zikhomo ziwiri, pakamwa pataloza pansi, ndipo m'mawa uliwonse Reginald amawagogoda katatu asanavale. Akandiona ndikumuyang'ana amati akuchotsa fumbi.

Pepani sananene mpaka lero. Ntchito yanga yonyamula mauthenga nayo inatha. Masiku ano amakhala pakhonde n'kumati, "Iwe nkhuku, kauze mkamwana kuti mbalagha ya dzulo, nthochi zophika ndi nyama zija, inakoma," ndipo kuseri kwa khitchini kumamveka, "Iwe nkhuku, kanene kuti ndagha, zikomo." Ine ndili pakati pawo pomwepo, ngati chitsa.

Nkhuku imeneyo ndinali nditaiika padera kuyambira Okutobala kuti ndidzadye pa Khirisimasi. Nditanola mpeni, Reginald anatuluka ndi ndodo.

"Imeneyo ayi. Pakhomo pano yonena zoona ndi yomweyo."

Tinadya usipa.