Kathumba, Chiwanda Chosenza Makala

Anderson anali ndi kope lakuda limene ankalisamala kuposa satifiketi yake ya ku koleji. M'kopemo munali ziwanda zokhazokha. Musathamangire kukaitana abusa, sizinali za ufiti ayi, anali masewera. Loweruka lililonse masana, iye ndi anzake awiri ankakhala pakhonde la nyumba yake ya lendi pa Mwanza boma, tebulo pakati, madayisi ndi mapepala. Anderson ankasimba nkhani, anzakewo n'kumakhala ankhondo olowa m'dziko la ziwanda. Ukafuna kumenya kapena kuthawa umaponya dayisi, nambala ikakukana ndiye kuti wagwa nayo. Masewerawa anawaphunzira ku Blantyre, ndipo Caleb wa kuchipatala ndi Sophie wa ku ofesi ya zaulimi, onse ochokera ku Lilongwe, anawakonda mpaka kuiwala kuti Loweruka kumakhala mpira.

Ziwandazo zinali ndi maudindo ngati m'boma. Pamwamba panali Mpandatulo, mfumu yokhala pang'anjo yosazima. Pansi pake panali nduna zitatu, kenako akazembe, kenako alonda a pazipata, ndipo lamulo linali lakuti chiwanda chaching'ono sichikhala pampando pamaso pa chachikulu. Kumapeto kwenikweni kwa mndandanda kunali Kathumba, wosenza makala a ng'anjo ya mfumu. Anali wakuda bii ndi phulusa la makala, wachifuwa chosatha, buluku womanga ndi mphira mu akakolo, ndipo dzanja lake lamanzere linalibe chala chamkombaphala. Aliyense akamukalipira ankavula chipewa n'kunena kuti, "Obirigado, bwana."

Tinene zoona, apa Anderson sanapeke kanthu. Anangotenga bambo ake omubereka, a Stafford, ootcha makala a kwa Nthache, n'kuwaika m'kope ndi chifuwa chawo chomwe. Ngakhale obirigadoyo, zikomo wa Chipwitikizi, anali wawo, anamutola ku Mozambique kumene anakulira. Anzakewo sankadziwa, chifukwa Anderson anawauza kuti kwawo ndi ku Chilomoni. Anauzanso bambo akewo kuti akabwera ku boma aziimba kaye foni, azikumana kumsika, poti kunyumba kumabwera mabwana. Mkuluyo anavomera osafunsa.

Tsono Anderson yemweyo ndi amene anakhazikitsa lamulo lakuti masewera akayamba, mafoni onse azithimitsidwa. Loweruka lina a Stafford anaimba katatu ali kumsika, koma zii. Anafunsa wa kabaza wina, amene anawalozera nyumba ya geti yobiriwira.

Pakhondepo zinthu zinali zitafika pokoma. Ankhondo a Caleb ndi Sophie anali atamugwira Kathumba pachipata cha ng'anjo, akumufunsa njira yopita kwa mfumu. Anderson anaimirira kuti amusewere bwino. Anapinda msana, anabisa chala m'chikhatho, n'kukhosomola chifuwa chija chochokera m'mimba.

"Musandimenye, mabwana, ine ndi wamakala chabe. Obirigado, obirigado!" anatero uku akuvula kapu.

Caleb anali akumenya tebulo ndi kuseka, Sophie akupukuta misozi.

"Odi kuno."

Anderson anatembenuka, kapu ili m'manja, msana udakali chopindika. Geti inali yotsegula. A Stafford anali ataima pamenepo atagwira njinga, thumba la makala lili pakaliyala, jumbo ya manachesi ikulendewera pachiwongolero. Buluku anali womanga ndi mphira mu akakolo. Kuti anafika nthawi yanji, palibe anaona.

"Eee! Kathumba wabwera yekha!" anakuwa Caleb.

Sophie anamugunda ndi chigongono, n'kukoka mpando. "Lowani, madala. Khalani apa."

"Lamulo silikulola, Sophie," anatero Caleb akusekabe. "Akhala bwanji pampando mfumu yathu Anderson ili chiimire?"

A Stafford anayedzeka njinga pachipupa, n'kumwetulira monga achitira munthu amene wapeza ena akuseka. "Kodi ana inu mukuseka chiyani? Tisekeko nafe."

Caleb si munthu woipa, koma pakamwa pake palibe buleki. Anatola kope lija n'kuyamba kuwerenga mokweza, poti Anderson analilemba m'Chichewa kuti ziwanda zimveke zakwathu. Anawerenga za phulusa, za chifuwa, za mphira. Anawerenganso kuti Kathumba ndi wotsika kuposa agalu a pachipata, ndipo chala chake chinadyedwa ndi mfumu tsiku limene anachedwa ndi makala. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto. Pang'onopang'ono analowetsa dzanja lamanzere m'thumba la jekete.

Anderson analakalaka simenti ya pakhondepo itang'ambika kuti alowe pansi. Mwana woleredwa bwino akanathamanga kukalandira njinga, n'kunjuta pansi kupereka moni, n'kukatunga madzi akumwa. Iye sanachite ngakhale chimodzi mwa izi.

"Kodi awa ndi ndani, Anderson?" anafunsa Sophie, amene anali atasiya kuseka.

Bambo ake anamuyang'ana. Sanali okwiya ayi, ankangodikira yankho ngati wina aliyense.

"Ndi... amandibweretsera makala," anatero Anderson.

Abale inu, mawu amenewa anatuluka m'kamwa mwa munthu wamkulu, wa tayi, wophunzira. A Stafford anagwedeza mutu kamodzi. Anamasula zingwe, anatsitsa thumba lija okha n'kulikhazika pakona ya khonde. Jumbo ya manachesi anaiika patebulo, pambali pa madayisi.

"Awa ndi a mumtengo wa kuseri kwa nyumba. Atumiza ndi mayi a kunyumba kwanga," anatero. Kenako anavula chipewa, n'kuwerama pang'ono. "Obirigado, bwana."

Anakankha njinga n'kutuluka, geti n'kuitseka bwinobwino.

Caleb anasenda nachesi limodzi. "Amwene, ndinu akatswiri. Mpaka obirigado! Munawapeza kuti madala amenewa?"

Anderson anayang'ana manachesi aja. Mtengowo ankaudziwa, anagwamo ali sitandade 3, ndipo amene anamubereka kumsana kupita naye kuchipatala cha ku Thambani anali omwewo amene anatseka getiwo. Mwamanyazi anatembenukira kwa Caleb.

"Ndi bambo anga."

Caleb anasiya kutafuna. Sophie anatseka kope lija n'kulikankhira kwa mwini wake.

Anderson anathamanga atavala masilipasi. Anawapeza bambo ake pafupi ndi msewu waukulu, pamene malole opita ku Mozambique amadutsa, akukankhabe njinga yopanda katundu, osaikwera.

"Bambo! Bambo, taimani!"

Anaima. Anderson ananjuta pafumbipo, anthu a pamaokala akuonerera, n'kuyamba kulongosola: kuti ndi masewera chabe, kuti ziwandazo si zenizeni, kuti wawauza anzake zoona, kuti abwerere akamweko tiyi. Mawu ankangogundana m'kamwa.

"Dzukani, mudetsa buluku," anatero a Stafford. Chibadwire chake anali asanamutchulepo kuti inu. "Zoti ndi masewera ndamva. Mwalemba bwino, ngakhale ine ndadzizindikira. Koma pamodzi pokha mwalakwitsa."

Anatulutsa dzanja lija m'jekete n'kulitambasula padzuwa, zala zinayi ndi kachitsa.

"Chala ichi sichinadyedwe ndi mfumu. Chinatsala m'phiri, pansi pa nkhwangwa, chaka chija munkalemba mayeso a folomu 4. Mayi anu anati tisakuuzeni kufikira mutamaliza, kuti mungasokonezeke. Mukakonze pamenepo."

Anakwera njinga n'kupalasa kulowera kwa Nthache. Anderson anatsala chonjuta, akumva chifuwa chija chikunka chitalikira, mpaka lole ina inadutsa n'kuchiphimba.