Mng'oma Wotsala wa Bambo Ake Estela

Mwa ming'oma isanu imene bambo ake Estela anasema atangothawa nkhondo ya ku Mozambiki, unatsala umodzi wokha. Unali pamphanda ya mango kuseri kwa nyumba, kumtunda kwa Malindi. Bambowo atamwalira, a Luciano, amalume ake Estela, anaufula kawiri, koma uchi wake sunadzaze ndi kapu yomwe.

"Njuchi zaulesi izi," anatero. "Loweruka ndiziotcha, chipikacho tiwaze nkhuni."

Estela sankayankha akuluakulu. Ngakhale kusukulu dzanja sankakweza. Koma m'mawa mwake anatapa ufa wa chithandizo nawaza njuchi zimene zinkatuluka, monga ankachitira bambo ake pofuna kudziwa kutalika kwa ulendo wa njuchizo. Zinauluka zili mbuu. Anapita kumjigo n'kubwera, sizinabwere. Anapitanso. Atatula ndowa yachitatu m'pamene imodzi inatera, ufa udakali pamsana.

"Ufa wa pakhadi ukudyetsa tizilombo?" anakalipa a Luciano.

"Si zaulesi, amalume," anatero Estela ali chiweramire. "Mitengo kuno tinadula tokha. Maluwa atsala kuphiri. Pofika kuno zimakhala zitadya kale zimene zasenza."

"Ee, aphunzitsi a njuchi! Sitandade sikisi yomweyi? Kuphiri n'kumalire. Akakwere kumeneko ndani, iweyo?"

Loweruka m'mamawa, njuchi zisanatuluke, Estela anatseka maenje onse a mng'omawo ndi nsanza, nautsitsa ndi chingwe, nausenza. Unkalira pamutu pake ngati chigayo.

Amalume anamupeza pamtsinje pamene amayi a m'mudzi ankachapa, nkhwangwa ili m'manja.

"Tula pansi."

Anatula, koma dzanja analisiya pansanza.

"Ndatula. Mukayandikira ndi nkhwangwayo, nditsegula. Zakwiya kale, mukuzimva."

"Ziyamba kuluma iwe, chitsiru!"

"Zindilume."

Estela anagwiritsitsa nsanzayo.

"A Luciano, mwana wa mlongo wanu ameneyo!" anakuwa mayi Tatu, oyandikana nawo nyumba, sopo ali m'manja. "Mukufuna titupe tonse chifukwa cha nkhuni za tsiku limodzi?"

A Luciano anayang'ana nsanza ija, nabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Ukakumana ndi amfuti usatchule dzina langa."

Estela anaimirira. Anakonza nkhata, mayi Tatu namusenzetsa, ndipo anawoloka kulowera kuphiri.